Msonkho wa ndudu ndi ma vape, tikuteteza umoyo kapena tikupha mlimi?

mwana_wa_mlimi_KU:
Anthu a pagulu pano ndithandizeni maganizo chifukwa ine zandizunguza mutu. Dzulo pa wailesi kunali a zaumoyo akuti boma likweze kwambiri msonkho wa ndudu ndi ma vape, timachubu ta nthunzi ya nicotine timene akupuma achinyamata masiku anowa, akuti kuti anthu asiye kusuta. Nde ine ndimangodzifunsa, si dziko lomweli timadalira fodya kuti tipeze madola ogulira mafuta ndi mankhwala? Ine ndikulemba panone fizi yanga yonse kuyambira folomu 1 mpaka ku koleji inachokera m'chigafa cha madala anga ku Kasungu. Lero tizilanga chinthu chimene chinatiphunzitsa? Si kutukwana azamba uchembere usanathe kumeneku?

kabaza_25:
Akweze asakweze ife tizisutabe aise. Anakweza mafuta kangati, munasiya kukwera minibasi?

Mai_a_Tadala:
Minibasi sipha mapapo achimwene

kabaza_25:
Simunakwerepo ya ku Mchinji inu kkkk

Chikwama_77:
@mwana_wa_mlimi_KU funso lanu ndi labwino koma mwaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Pali tsamba limene madala anu amalima, palinso ndudu imene munthu amagula pa okala. Belo la madala anu likagulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo silipita kukapangidwa ndudu zoti zisutidwe ku Mtandire ayi, pafupifupi lonse limakonzedwa m'mafakitale n'kulongedzedwa, kenako ulendo wa ku doko, Beira, Nacala kapena Durban. Amene amalisuta ali ku Ulaya, ku Asia, ku America. Fodya wa bale amene timalima kwambiri kuno amakasakanizidwa ndi mitundu ina m'ndudu za kumeneko. Zimene timasuta Amalawife ndi kadontho chabe poyerekeza ndi zimene timalima.

Tsono msonkho umene akunena pa wailesiwo ndi excise, umakhala pa paketi yogulitsidwa m'dziko muno. Mukauwirikiza kawiri mawa, mtengo wa pa okushoni susuntha chifukwa cha zimenezo. Chimene chimasuntha mtengo wa madala anu ndi kuchuluka kwa fodya chaka chimenecho, kuno ndi ku Brazil ndi kwina, komanso zimene makampani ogula akufuna. Chaka chimene talima wochuluka mumadziwa nokha zimene zimachitika, mabelo kubwezedwa, alimi kugona pa geti.

mwana_wa_mlimi_KU:
Hmm apo ndamva. Koma ngati dziko lililonse liganiza choncho nde kuti mapeto ake ogulawo adzatha, mesa?

Chikwama_77:
Eya, ndipo zimenezo zinayamba kale osatifunsa. Britain, Australia, France akukweza misonkho yawo kaya ife tikweze kaya tisakweze. Nde kusiya ndudu zotchipa ku Ndirande sikupulumutsa mlimi wa ku Kasungu, kumangowonjezera odwala basi.

Bambo_Okala:
Ine ndilankhule monga wogulitsa. Ndili ndi kaokala kanga zaka 11 tsopano. Palibe munthu kwathu kuno amagula paketi, onse ndi imodzi imodzi, uyu ziwiri, uyu imodzi ya ngongole madzulo. Mtengo ukakwera ndimaona ndi maso anga, amene ankagula zisanu patsiku amatsika pa zitatu, ena mpaka kugawana ndudu imodzi anthu awiri. Nde zoti mtengo umachepetsa kusuta ndi zoona sindingakane. Koma chimene a pa wailesi sanena ndi chakuti sabata yomweyo mtengo wakwera amatulukira anyamata a zikwama kumsana, ndudu za mayina osadziwika bwino, zopanda sitampa, theka la mtengo. Ine ndikakana kuoda, mnzanga wa pa benchi apo aoda, makasitomala onse athamangira kwa iye ndipo akapita kumeneko agulanso sopo ndi machesi komweko. Nde woluza ndi ine wotsata malamulo.

NesiWaUsiku:
Ndawerenga zonse koma ndikufuna ndikuuzeni zimene timaona ife mu wadi. Bambo wa zaka 50 kubwera akupuma ngati wathamanga mtunda chonsecho wangochoka pa bedi kupita ku bafa. Mapapo anatha kale, palibe mankhwala obwezeretsa, timangomuika pa oxygen ngati silinda ilipo. Odwala TB amene amasuta amachedwa kuchira ndipo kawirikawiri imabwereranso. Khansa ya pakhosi, ya kummero ija munthu amalephera kumeza ngakhale phala, Malawi ili m'gulu la mayiko amene ili yochuluka kwambiri padziko lonse, sindikunena kuti ndi fodya yekha, mowa ndi utsi wa nkhuni zimathandizirapo, koma fodya alimo. Ndipo amene amagona pansi pa bedi kudikirira wodwalayo ndi mkazi wake amene wasiya munda, ana asiya sukulu. Ndalama imeneyo palibe amaiwerengera mukamakamba za madola.

A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa amenewa sanagwirepo ndudu, amangopuma utsi wa ena. Ana a m'nyumba ya chipinda chimodzi aja bambo akusutira momwemo.

kabaza_25:
Asisi mwandiopseza, ndazimitsa kaye

AchimweneJoni:
Ine ndili ku Johannesburg kuno kuyambira 2016, ndikuuzeni zimene ndinaona. Mu 2020 nthawi ya corona boma la kuno linaletseratu kugulitsa ndudu, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka mu Ogasiti. Mukuganiza anthu anasiya? Ena anasiya inde koma ambiri ankagula kuseri pa mtengo wowirikiza katatu kanayi, m'ma spaza (maokala a kuno), kwa alonda a pa geti, ngakhale pa WhatsApp. Ziletso zitatha anthu anali atazolowera kale zakuseri zija mpaka lero msika wa ndudu zozembetsa ndi waukulu zedi kuno. Nde a Bambo_Okala akunena zoona, ukafinya kwambiri zimatulukira kwina.

Chikwama_77:
Achimwene chimenecho chinali chiletso osati msonkho. Ukatseka shopu zonse ndiye kuti msika wonse waupereka kwa ozembetsa. Dziko lomwelo la South Africa kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990 linkakweza msonkho wa ndudu chaka ndi chaka, osuta anatsika kwambiri pomwe ndalama zolowa ku boma zinakwera. Zinayamba kusokonekera pamene otolera msonkho anafooka. Vuto si kukula kwa msonkho, vuto ndi pa boda ndi m'mafakitale ngati palibe wowerenga zimene zikutuluka.

AchimweneJoni:
Nde kwathuko pa boda pali owerenga? Ine ndimadutsa pa Mwanza ndi pa Dedza chaka chilichonse, njira za m'tchire anthu a njinga amazidziwa kuposa mayina a ana awo

Bambo_Okala:
A MRA anabweretsa masitampa aja a Kalondola, nzeru yake ndi yabwino chifukwa paketi yopanda sitampa imaonekeratu. Koma paketi ikatsegulidwa n'kumagulitsa imodzi imodzi kasitomala aiona kuti sitampayo? Amangotambasula dzanja.

MphunzitsiWaBoarding:
Inu mukukamba ndudu, ife kuno nkhondo yathu ndi vape. Ana a folomu 2 safuna ndudu, amati imanunkha ndipo ndi ya madala. Akufuna timachubu timeneti tofanana ndi flash kapena cholembera, fungo la mango, la mphesa, la chingamu, umalowa mu hostel kumangomva kununkhira ngati wina wathira perefyumu osadziwa kuti ndi nicotine. Teremu yatha tinalanda zingapo, atsikananso ali momwemo osati anyamata okha. Titaitana kholo lina linati mwana wanga sasuta fodya, aka ndi ka nthunzi chabe. Makolo ambiri sadziwa n'komwe. Ine ndikuti zimenezi akhomere msonkho woti mwana wa pocket money asayerekeze, kapena angoletsa kulowa m'dziko.

WaKuLeeds:
Aphunzitsi ndikumva ululu wanu koma ndiloleni ndiikepo mbali ina. Ine ndinasuta zaka 19, ndinayambira ku Zomba ndili mnyamata. Ndinayesa kusiya kambirimbiri, kupemphera, kutafuna chingamu, kulumbira pa 1 Januwale, zonse zinakanika. Kuno ku Britain paketi ya ndudu 20 ndi yoposa mapaundi 15, ukamagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala ngati ine umaona kuti ola lathunthu ndi kuposerapo ukugwirira utsi. Mtengowo ndi umene unandikankha, koma chimene chinandigwira dzanja ndi vape. A chipatala kuno amanena poyera kuti kwa munthu wosuta kale vape ndi yochepa kuopsa kuyerekeza ndi ndudu, chifukwa chimene chimapha kwambiri mu ndudu ndi phula ndi mpweya woipa wochokera ku kuyaka kuja, osati nicotine payekha. Pano ndatha zaka zitatu osagwira ndudu, masitepe ndikukwera osaima panjira.

Tsono mukati vape ikhale yodula mofanana ndi ndudu kapena kuposa, munthu ngati ine mwamubwezera ku ndudu. Kunonso aona vuto la ana lomwelo, analetsa ma vape otaya ukamaliza aja kuyambira pa 1 Juni 2025, ndipo anakonza msonkho wa mapaundi 2.20 pa mamililita 10 aliwonse a madzi ake kuyambira Okutobala 2026. Koma taonani nzeru yake, nthawi yomweyo akukwezanso wa ndudu kuti mpata pakati pa ziwirizi usatsekeke, ndudu ikhalebe yodula kuposa.

MphunzitsiWaBoarding:
Zimenezo ndi za ku Leeds akulu. Kuno ndi madala angati osuta ndudu amene akusamukira ku vape? Mlonda wa pa sukulu pathu angagule vape? Ogula vape kuno ndi ana a mabwana ndi a m'ma club, anthu amene sanasutepo ndudu chiyambire. Kwa iwowo si njira yotulukira, ndi khomo lolowera.

WaKuLeeds:
Apo mwandigwira pang'ono, sindikana. Komabe lamulo lisapangidwe ngati osuta ofuna kusiya kulibe.

AchimweneJoni:
Kuno anayamba kudula msonkho pa madzi a vape mu Juni 2023, R2.90 pa mililita imodzi poyambira, kaya muli nicotine kaya mulibe. Mabotolo aakulu aja anakwera mtengo kwambiri. Koma totaya tija tili mbwee paliponse ana asukulu ali nato

NesiWaUsiku:
Ndiwonjezere pa za vape, kuchepa kuopsa sikutanthauza kuti ndi yabwino. Ubongo wa mwana umakhala ukukulabe mpaka zaka za m'ma 20, nicotine akalowa msanga kumasuka kwake ndi kovuta. Ndipo zobwera m'masutikesi zija palibe amadziwa kuti muli chiyani.

Gogo_wa_pa_Dowa:
Ana inu mukukangana za m'tauni. Kumudzi kuno ndani amagula ndudu ya m'paketi? Munthu amathyola masamba otsalira m'chigafa, kufikisa, kukulunga pa pepala la kope ya mwana kapena khoko la chimanga, chingambwe chatheka. Azimayi achikulire ali ndi kabotolo kawo ka fodya wa mphuno pa mpango. Kumpoto ndi m'matauni atsikana ayamba ngirimbo yoika m'kamwa. Zonsezi a msonkho adzazipeza kuti? Mukakweza ndudu wosauka wa m'tauni angobwerera ku chingambwe chopanda ndi fyuluta yomwe, nde mwateteza umoyo wa ndani?

Mai_a_Tadala:
Agogo anena mfundo. Zili ngati za mowa wa m'masacheti, analetsa anthu n'kusamukira ku timabotolo ndi kachasu

Chikwama_77:
Agogo pamenepo ndikuvomera, msonkho sufika pa chingambwe ndipo amene anganene kuti msonkho wokha uthetsa kusuta m'Malawi akunama. Ena adzasamukiradi kumeneko. Koma si onse. Mnyamata wa ku Chilinde amene akufuna kuoneka wotsogola pamaso pa anzake sangayambire pa khoko la chimanga, ndudu ikadula amangosiya osayamba. Kafukufuku amene WHO imagwiritsa ntchito amasonyeza kuti m'mayiko osauka ndi apakati mtengo ukakwera ndi 10 peresenti kusuta kumatsika ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo amene amasintha msanga ndi achinyamata ndi a ndalama zochepa. Theka limenelo si laling'ono. Ndiye chifukwa chake amalimbikitsa kuti misonkho yonse pamodzi ifike 75 peresenti ya mtengo wa paketi.

chitsulo_cha_njanji:
Zonsezi ndi nthano. Funso ndi limodzi, ndalamayo ipita kuti? Ikalowa mu Account Number One, thumba lalikulu la boma lija, basi yasanduka ma allowance ndi ma Prado. Pa lita iliyonse ya mafuta timalipira ya misewu, maenje mukuwaona nokha. Nde mundiuze kuti ya ndudu idzagula oxygen wa asisi anesiwa? Mxii

Mai_a_Tadala:
Kkkkk koma chitsulo sumanama iwe

Chikwama_77:
Pali mayiko anamanga ndalamayo ndi lamulo. Philippines mu 2012 inakhazikitsa lamulo la msonkho wa fodya ndi mowa, gawo lalikulu la ndalama zowonjezerazo linalembedweratu kuti ndi la zaumoyo, makamaka kulipirira osauka inshulansi ya chipatala, ndipo gawo lina limapita ku zigawo zolima fodya. Nawonso ndi alimi a fodya ngati ife. Koma ndinenenso ichi achitsulo, ngakhale ndalamayo ataidya yonse, mwana amene walephera kugula ndudu chifukwa yadula wapulumukabe. Phindu limenelo silidutsa ku Capital Hill.

chitsulo_cha_njanji:
Nde mukuti tiziwapatsa ndalama zoti adye bola mwana asasute? Fundo yachilendo

mwana_wa_mlimi_KU:
Poti mwatchula alimi, madala anga anayesapo soya chaka china atamva zoti fodya alibe tsogolo. Anakolola bwino ndithu koma ogula anali mavenda a sikelo zokhota pa trading centre, mtengo wa m'mawa wina wa madzulo wina. Fodya ndi zovuta zake zonse, nazale, kupalira, kuthyola, kusoka, kumanga mabelo, ali ndi msika wodziwika ndipo pa kontrakiti amakupatsa feteleza pa ngongole. Soya akupatsa ndani feteleza?

Gogo_wa_pa_Dowa:
Soya safuna feteleza wambiri mwana wanga, vuto lake ndi msika basi. Nandolo nayenso anatipusitsa, chaka china mtengo kumwamba aliyense kudzala, chaka chotsatira India atatseka msika tinkadyetsa mbuzi

kabaza_25:
Limani chamba basi mesa analoleza

AchimweneJoni:
Analoleza cha mankhwala ndi cha mafakitale mu 2020, osati chako cha ku Nkhotakota icho kkkk ndipo laisensi yake ungagulitse njinga zako zonse osakwana

kabaza_25:
Ine njinga ndili nayo imodzi man, ngati ma trophy a Noma

chitsulo_cha_njanji:
Iwe usayambe za mpira pano, Maule akudyetsa chani

Admin_Nyasa:
Abale za Bullets ndi Wanderers zili ndi malo ake. Tibwerere ku fodya chonde.

Chikwama_77:
Zikomo a Admin. @mwana_wa_mlimi_KU nkhani ya soya ija ndi yofunika ndipo ili m'pangano limene dziko lathu linalowa. Malawi inalowa m'pangano la WHO lothana ndi fodya, FCTC, mu 2023, mochedwa kwambiri poti linayamba kugwira ntchito mu 2005, ndipo chimene chinatichedwetsa ndi mantha anu omwewo. Ndime 6 ya panganolo ndi ya msonkho, koma ndime 17 imanena za kuthandiza alimi ndi antchito a fodya kupeza njira zina zopezera ndalama. Palibe ndime imene imati zulani fodya m'munda. Ine ndingakonde alimi ndi mabungwe awo, m'malo molimbana ndi msonkho wa ndudu umene suwakhudza, azikakamira kuti gawo la ndalamayo lipite ku misika ya mbewu zina, nkhokwe, ulimi wothirira. Pamenepo mpamene pali nkhondo yawo yeniyeni.

Chinanso chimene anthu saganizira ndi kapangidwe ka msonkhowo. Ukauika ngati peresenti ya mtengo, woitanitsa katundu amangolemba mtengo wabodza wotsika pa invoice, msonkho watsika nawo, ndipo ndudu zotchipa zimakhalabe zotchipa. Ukauika ngati ndalama yokhazikika pa ndudu 1,000 zilizonse zimakhala bwino chifukwa yotchipa ndi yodula zilipira mofanana, koma uyenera kumaukweza chaka chilichonse. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, msonkho wokhazikika m'makwacha ukausiya osaukhudza zaka ziwiri umasanduka wa masewera, ndudu n'kukhala yotchipa kuposa mandasi.

Bambo_Okala:
Zoti ndudu imatsalira pa kukwera ndi zoona, shuga ndi mafuta ophikira zimathamanga kuposa. Koma ine pempho langa ndi lomwe lija, akakweza agwirenso a zikwama. Apo ayi ine ndisiya kugulitsa ndudu zenizeni, ndiziodanso zomwezo.

MphunzitsiWaBoarding:
Ndipo inu a maokala musiye kugulitsa kwa ana ovala yunifolomu

Bambo_Okala:
Amabwera akuti andituma adadi, ndiwatani aphunzitsi? Ndiziyenda nawo mpaka kunyumba?

Mai_a_Tadala:
Azibambo otuma ana nduduwo ndi amene ayenera kulipira msonkho wapadera

mwana_wa_mlimi_KU:
Ndangomaliza kulankhula ndi madala pa foni, ndinawafotokozera zonse mwalembazi. Aseka. Akuti iwo alima fodya zaka zoposa 30 koma sanaikepo ndudu pakamwa ngakhale tsiku limodzi, akuti amadziwa mmene manja amakhalira akda ndi mmene mutu umazungulirira ukathyola masamba onyowa m'mawa, nde chimenecho ungachilowetse m'chifuwa? Za msonkho wa ndudu akuti sizikuwakhudza, akweze mpaka kumwamba, iwo chimene chikuwasowetsa tulo ndi zodula za pa sale sheet, ya thiransipoti, ya ziguduli, ma levy, ngongole ya feteleza, pofika pa ndalama yolowa ku banki yatsala yochepa. Nditawauza za vape anandifunsa kuti mkati mwake muli tsamba? Ndinati ayi ndi madzi a nicotine. Anakhala chete kenako akuti ndiye chimenecho ndi chimene chidzatimalize ife, osati msonkho.

WaKuLeeds:
Madala anuwo aona patali. Nicotine wambiri wa mu vape amachokerabe ku tsamba la fodya koma safuna mabelo ochuluka ngati ndudu, ndipo pali wina wopangidwa mu labu

chitsulo_cha_njanji:
Ine funso langa la Account Number One palibe wayankha bwinobwino

kabaza_25:
Asisi anesi serious tsopano, ndawerengera ndalama ya ndudu zanga pa mwezi ikukwana tayala latsopano ndi chubu chake. Munthu amasiya bwanji, pali mankhwala?

NesiWaUsiku:
M'ma pharmacy ena a m'tauni mumapezeka chingamu cha nicotine ndi zomata pakhungu koma ndi zodula. Ambiri amene ndawaona atasiya anachita kusankha tsiku, kuuza akunyumba ndi anzawo, kutaya machesi, ndi kupewa pa malo pamene amasutira. Masiku atatu oyamba ndi ovuta kwambiri, mutu, ukali, kusowa tulo, pakatha masabata awiri kapena anayi zimayamba kupepuka. Chilakolako chikabwera chimatenga mphindi zochepa n'kudutsa, imwani madzi, tafunani mtedza kapena nzimbe. Mukagwa musati basi zakanika, ambiri amasiya atayesa maulendo angapo. Ndipo ngati mukutsokomola kupitirira masabata awiri pitani mukayezetse makhololo, kuyeza TB ndi kwaulere ku chipatala cha boma.

kabaza_25:
Vuto pa siteji pathu onse ndi osuta, ndikaima pati

Bambo_Okala:
Bwera uziima pa okala panga, mtedza ndili nawo. Koma wa ngongole ayi